Aphunzitsi, tsamba lenileni lili panja pomwepo

A Mkonzi,

Mundipatseko kampata m'nyuzipepala yanu ndinene zomwe zakhala zikundidya mumtima kuyambira Lachinayi la sabata yatha. Ndine mayi wachikulire. Ndinaphunzitsa kusukulu ya mkaka zaka 26 ndisanapume, ndipo masiku ano ntchito yanga ndi yokatenga mdzukulu wanga wa zaka zinayi akaweruka, popeza makolo ake amafika pakhomo dzuwa litalowa.

Tsiku limenelo mwanayu anandigwira dzanja pakhomo la kalasi n'kundikokera mkati. "Agogo, bwerani mudzaone tsamba langa!" Pakhoma panali masamba a pepala omatidwa m'mizere itatu yowongoka. Ndinawawerenga, analipo 23. Onse anali ofanana ndendende, otulutsidwa pamakina kuchokera pa chithunzi chimodzi, opakidwa krayoni imodzimodzi ya olenji, ndipo m'mbali mwake munkachita kuonekeratu kuti sizasi inali m'manja mwa munthu wamkulu. Mwana anaima, chala chili m'mwamba, akusakasaka lake. Analoza lina, n'kubweza chala, n'kuloza linanso. Kenako anatembenuka: "Agogo, langa ndi liti?" Ndinachita kuvala magalasi n'kuwerenga mayina olembedwa kumunsi kuti ndimupezere.

Pawindo la kalasi lomwelo ndinaona bambo wosamalira pabwalo akumaliza kusesa. Anali ataunjika masamba enieni mulu wofika m'mawondo, achikasu, ofiira, ofiirira, ena obiriwira theka, ndipo ankapisa m'thumba kufuna machesi.

Ndinawafunsa aphunzitsi, mwaulemu ndithu, chifukwa ndi mtsikana wakhama amene amawakonda anawo. Anandiyankha mosabisa. "Agogo, makolo akabwera amafuna kuona ntchito yooneka bwino pakhoma. Ndikawatulutsa panja, amabwerako zovala zili bii, ndipo madandaulo amafikira ine. Komanso ndili ndekha, ana 23." Sindinawatsutse. Zonse zimene ananenazo n'zoona, ndipo ine ndine munthu womaliza amene angawaloze chala, chifukwa khoma ngati limenelo ndinalikongoletsapo kambirimbiri.

Ndiulule pano chimene sindinauzepo aliyense. M'zaka zanga zoyambirira pantchito ndinagawira ana masamba a pepala otere. Mnyamata wina wosalankhulalankhula anatenga pensulo n'kuboola lake mabowo atatu, kenako n'kupaka m'mphepete mwa mabowowo mtundu wakuda. Ndinamulanda. "Waononga iwe, tenga lina uyambirenso." Iye anayankha chapansipansi: "Madamu, mbozi yadya." Ndinamumva bwinobwino, komabe pepala lija ndinalikwinya n'kuliponya mubini, chifukwa tsiku lotsatira kunkabwera alendo. M'kalasi yonseyo mwana ameneyo yekha ndiye anali atayang'anapo tsamba ndi maso ake, ndipo ine ndinamuphunzitsa kuti zimene waona n'zolakwika. Khoma linakongola ndithu. Chikomekome cha mkuyu.

Choncho sindikulemba kuti ndinyoze sukulu ina iliyonse. Ndikulembera makolo, aphunzitsi ndi agogo anzanga kuti nyengo yoyoyoka masamba ikafika, zipangizo zabwino kwambiri zophunzitsira mwana luso la manja ndi chilengedwe zimagwa zokha kuchokera kumwamba, ndipo ife timazisesa.

Nyengoyi imafika mosiyana malinga ndi kumene munthu ali. Kumayiko a kumpoto kwa dziko lapansi imayamba cha pa 22 kapena 23 Seputembala, usana ndi usiku zikalingana kutalika, pomwe kum'mwera imayamba cha pa 20 kapena 21 Malichi. Kumadera otentha, kumene kutalika kwa tsiku sikusintha kwenikweni, mitengo yambiri imayoyola masamba mvula ikatha, pothawa ludzu. Kulikonseko funso la mwana limakhala lomwelo, ndipo mdzukulu wanga anandifunsa tili m'njira tsiku lomwelo: "Agogo, mtengowu ukudwala?"

Sukudwala, ukusunga chuma. Tsamba limabiriwira chifukwa cha chinthu chotchedwa chlorophyll, chomwe chimakola kuwala kwa dzuwa kuti mtengo upange shuga. Masiku akayamba kufupika, kapena madzi akachepa m'nthaka, kusunga tsamba kumakhala kodula kuposa phindu lake, popeza tsamba limataya madzi ambiri. Ndiye mtengo umaphwasula chlorophyll uja n'kukokera zofunika, monga chakudya cha zomera chotchedwa nitrogen, kubwerera m'nthambi ndi m'mizu. Kubiriwira kukachoka, chikasu ndi olenji zimaonekera. Mitundu iwiriyi inalimo kale m'tsambamo chaka chonse, kungoti inaphimbika. Kufiira ndiye nkhani ina: m'mitengo yambiri kumapangidwa nthawi yomweyo kuchokera ku shuga wotsalira m'tsamba, n'chifukwa chake kumawala kwambiri usana ukamakhala wadzuwa koma usiku wozizira. Pamapeto pake, patsinde pa kaphesi ka tsamba pamapangika kamzere ka maselo ofooka, mtengo n'kutseka bala kumbali yake, mphepo n'kumaliza ntchito. Mukathyola kanthambi mudzaona tizipsera pamene panali masamba. Mwana wa zaka zinayi sindinamuuze zonsezi, ayi. Ndinangoti mtengo ukulongedza katundu wake usanagone, ndipo ndinamuonetsa chipsera chimodzi. Anachisisita ndi chala n'kufunsa ngati chimapweteka.

Tinatola masamba m'kathumba njira yonse. Ulendo wa mphindi khumi unatitengera pafupifupi ola. Titafika, ndinayala nyuzipepala yakale pansi (pepani a Mkonzi, inali yanu yomweyi), n'kukhuthula. Ndinadziletsa kumuuza chochita, ndipo kudziletsa kumeneko n'kovuta kwa munthu amene anagwira choko zaka 26. Ndinkayembekezera kuti asanja potsata mtundu. Iye anasanja potsata kulira: olira tswatswa akawafinya mbali ino, osalira mbali iyo. Atatero anapanganso kagulu kachitatu, ka masamba amene ankati ndi "agogo", okhwinyata ndi a madontho. Ndinaseka, ngakhale ndinadziwa kuti akunena ine. Kusanja kotere ndiye chiyambi cha masamu ndi sayansi: mwana waona kusiyana, wapanga lamulo lake, ndipo walitsatira mpaka tsamba lomaliza. Masamba 23 ofanana sangamupatse mpata umenewo, chifukwa mulibe choti asiyanitse.

Kenako tinachita chimene ndimachikonda kuposa zonse, kukhutiza krayoni papepala tsamba lili pansi. Pali tinthu ting'onoting'ono tomwe timapangitsa kuti zitheke kapena zikanike. Tsamba likhale logwa kumene, lofewabe, chifukwa louma kwambiri limangofumbutuka. Muligoneke chagada, mbali ya mitsempha yotukuka ikhale pamwamba. Pepala likhale lopyapyala. Krayoni muisende chipepala chake chonse, mwana aigoneke cham'mbali m'malo moigwira ngati pensulo. Mdzukulu wanga poyamba anakana, anaigwira mmene anazolowera, n'kukanikiza ndi mphamvu zake zonse mpaka pepala linang'ambika. Anakwiya. Ndinamugwirira pepala lachiwiri m'makona, iye n'kuyamba kukhutiza pang'onopang'ono, lilime lili panja. Mtsempha wapakati unayamba kutuluka papepala loyera, kenako nthambi zake, kenako timitsempha tating'ono ngati ukonde. Anasiya krayoni, n'kutukula pepala kuti aone ngati tsamba likadalipo pansi. Linalipo. Anabwezeretsa pepala mokhota, choncho chithunzi chinatuluka cha masamba awiri opingasana, ndipo ine ndinaluma lilime osanena kanthu. Atamaliza anagwira dzanja langa, n'kulitembenuza, n'kutsatira mitsempha ya kuseri kwa chikhatho changa ndi chala chake chodetsedwa. "Agogo, inunso muli nayo."

Amene amaona ngati amenewa ndi masewera achabechabe adziwe kuti Max Ernst, katswiri wojambula wa ku Germany, anayamba kuchita zomwezi mu 1925 atachita chidwi ndi mizere ya matabwa a pansi m'chipinda chimene anagona ku France. Anakhutiza pensulo papepala pamwamba pa matabwawo, pambuyo pake pa masamba ndi zinthu zina, ndipo zithunzi zake zili m'nyumba zikuluzikulu zosungiramo zaluso mpaka lero. Kusiyana kwake ndi mnyamata woboola tsamba uja n'kwakuti iye panalibe womuuza kuti waononga.

Loweruka ndinafuna kumuonetsa ndi maso kuti chikasu chimabisala m'tsamba lobiriwira. Ulendo woyamba ndinalephera, ndipo mlandu ndi wanga: ndinaiwala n'kuviika masamba m'madzi, pomwe chlorophyll sasungunuka m'madzi. Tinadikira ola lathunthu tikuyang'ana kapepala konyowa kopanda kanthu. Ulendo wachiwiri tinang'amba masamba obiriwira tizidutswa, n'kuwatswanya ndi supuni m'kabotolo kagalasi, ine n'kuthiramo spiriti wongokwanira kuwamiza. Kabotoloko ndinakaimika m'mbale ya madzi otentha kwa theka la ola mpaka spiriti anabiriwira, kenako tinalowetsamo nsonga ya kachidutswa kakatali ka pepala lomwa madzi. Spiriti anakwera ndi pepalalo atanyamula mitundu, ndipo popeza mtundu uliwonse umakwera pa liwiro lake, patapita nthawi panaoneka kamzere kobiriwira ndi kena kachikasu payekha. Njira yolekanitsa mitundu imeneyi anaitulukira Mikhail Tsvet, katswiri wa zomera wa ku Russia, pofufuza masamba omwewa, ndipo mu 1906 anaitcha chromatography. Lero ndi imodzi mwa njira zimene amapimira mankhwala m'malabotale. Koma ndinene zoona: kwa mwana wa zaka zinayi kudikirako n'kwakutali. Wanga anathawa kukathamangitsa gulugufe, ndipo amene anachita chidwi ndi mchimwene wake wa zaka 7. Spiriti agwire munthu wamkulu yekha, pamalo opita mphepo, kutali ndi moto.

Zina n'zodziwika kale, sindichedwapo. Tsamba lopakidwa utoto kumbali ya mitsempha n'kulidinda papepala limasiya chidindo chokongola. Masamba oikidwa pakati pa nyuzipepala n'kutsindiridwa ndi mabuku olemera amauma mosakwinyika pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Njere zamapiko zimene zimazungulira pogwa zimasangalatsa ana kuposa chidole chogula, makamaka akaziponya atakwera pampando n'kumapikisana kuti yomaliza kutera ndi ya ndani. Makungwa a mitengo nawonso amakhutizika ndi krayoni, ndipo mwana amazindikira yekha kuti mtengo uliwonse uli ndi khungu lake.

Pamene ndikufuna kuchedwapo ndi pa vuto la ife akuluakulu lofuna kuti mwana abwere ndi kanthu m'manja. Timayeza tsiku la mwana ndi chimene chili m'chikwama: ngati mulibe pepala, ndiye kuti lero sanaphunzire. Maganizo amenewa ndiwo amabala masamba 23 aja, chifukwa mphunzitsi amakakamizika kupanga umboni. Ku Scotland kumakhala katswiri wina, Andy Goldsworthy, wobadwa mu 1956, amene amapanga zaluso ndi masamba, miyala, timitengo ndi madzi oundana. Sagwiritsa guluu, masamba amawalumikiza ndi minga kapena kungowanyowetsa. Akamaliza amajambula chithunzi n'kuchoka, mphepo kapena mtsinje n'kuchita zake. Ndinayesa zomwezo ndi adzukulu anga ndi anzawo awiri a pafupi. Tinapanga bwalo pansi pa mtengo, masamba obiriwira kunja, achikasu mkati mwake, ofiira pakati, mwala umodzi pakatikati. Anakangana pa tsamba lina lomwe linali theka lobiriwira theka lachikasu, mpaka anagwirizana kuliika pamalire. Mkangano umenewo unali phunziro lokwanira tsiku lonse. M'mawa mwake bwalo linali litabalalika. Ndinkaopa misozi. Mdzukulu wanga anangoyang'ana n'kunena kuti mphepo yabwereka, ndipo anayamba lina, lalikulu kuposa loyamba.

Maganizo amenewa si achilendo m'maphunziro a ana. Friedrich Fröbel, amene anatsegula sukulu yake ya ana aang'ono ku Bad Blankenburg ku Germany mu 1837 n'kuitcha Kindergarten mu 1840, anapereka dzina lotanthauza munda wa ana, ndipo anawo analidi ndi timinda tawo tolima. Mu 1971 Simon Nicholson wa ku Britain analemba kuti luso la mwana limakula molingana ndi kuchuluka kwa zinthu zimene angathe kuzisuntha, kuziphatikiza ndi kuzimasula mmene wafunira. Kamtengo kamodzi lero ndi bulashi, mawa ndi mlatho, mkuja ndi mwendo wa nyama. Pepala lojambulidwa kale ndi pepala lojambulidwa kale basi. Zonsezi tinaziphunzira pokonzekera ntchito ya uphunzitsi, tinazilemba pamayeso, kenako tinakalowa m'kalasi n'kutseka chitseko.

Mulu wa masamba uli ndi phunziro linanso pansi pake, kwa amene angausiye milungu ingapo pamalo achinyezi. Muuvundukule ndi ndodo mwana ali pambali. Pamwamba masamba ali athunthu; pakati ada ndipo amatirirana, ali ndi timaulusi toyera ta nkhungu; pansi penipeni simungasiyanitse tsamba ndi dothi. Mumapezeka abongololo, nyerere, nkhono, nyongolotsi. Charles Darwin, katswiri wa zachilengedwe wa ku Britain, anatha zaka pafupifupi 40 akubwerera ku nkhani ya nyongolotsi, ndipo m'buku lake la 1881 anafotokoza kuti zimakokera masamba m'mauna mwawo, kawirikawiri zitagwira kunsonga kuti alowe mosavuta. Ngati munthu wotchuka chotero sanachite manyazi kugwada pansi kuyang'ana nyongolotsi, ife tikuopa chiyani? Mdzukulu wanga, amene sakhala pampando mphindi zitatu, ananjuta phee kudikira nkhono kuti itulutse nyanga zake. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine mwambi umenewu ndinauphunzitsa ndi pakamwa zaka zambiri, koma ndinali ndisanamuonetsepo mwana nkhono.

Tsono ndisaoneke ngati ndikuti ana angotayidwa kutchire. Ngozi zilipo ndipo ndizitchula. Mwana wosakwana zaka zitatu amaika chilichonse m'kamwa, m'mphuno ngakhale m'khutu. Kachubu koyezera zidole ku America n'kotambalala masentimita 3.17, ndipo chinthu cholowa chonse mmenemo chimatengedwa kuti chingatsamwitse mwana wamsinkhu umenewo. Pakhomo mungayezere ndi kachubu kakatoni ka pakati pa pepala la kuchimbudzi: njere kapena mwala wolowa mmenemo usafike m'manja mwa kamwana. Njere zina zokongola ndizo zoopsa. Za nsatsi, zamawangamawanga zija, zili ndi poizoni wotchedwa ricin, ndipo mwana akatafuna zochepa chabe akhoza kudwala kwambiri. Duwa la oleander, lomwe limabzalidwa m'mipanda m'mayiko ambiri, ndi lapoizoni kuyambira tsamba mpaka muzu, ngakhale utsi wake. Bowa wakutchire ayang'anidwe ndi maso okha. Mulu wakale wa masamba uyambe watakasidwa ndi ndodo ya munthu wamkulu, chifukwa njoka ndi zinkhanira zimakondamo. Lamulo langa kwa ana ndi lalifupi: tola, nunkhiza, usalawe, ukamaliza samba m'manja ndi sopo. Mtengo umene simukuudziwa, ausiye.

Nkhani ya zovala zakuda ndiyankha makolo anzanga mwachindunji. Malaya akale a bambo ake, ovala chammbuyo n'kumanga batani limodzi pakhosi, amathetsa mlanduwo. Ndipo tisamakwiyire mphunzitsi chifukwa cha dothi la m'mawondo pomwe sitikwiyira foni imene mwana wagwira maola atatu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo mu 2019 akuti mwana wa zaka zitatu kapena zinayi azikhala akuyendayenda ndi kusewera mphindi zosachepera 180 patsiku, ndipo nthawi yokhala pansi kuonera TV kapena foni isapitirire ola limodzi. Mphindi 180 zimenezo sizingakwane mwana atakhala pampando akupaka krayoni mkati mwa mzere wojambula munthu wina.

Kwa aphunzitsi amene ali okha ndi ana ambiri, ndikudziwa kuti kutulutsa gulu lonse panja kuli ngati kutsegulira nkhuku m'khola. Njira imene ndinaphunzira mochedwa ndi yobweretsa panja mkati. Mwana aliyense abwere ndi masamba asanu otola panjira. Pa ana 23 amenewo ndi masamba 115, ndipo simupezamo awiri ofanana. Muwakhuthulire pamphasa kapena pakatoni yoyala pakati pa kalasi, ana akhale mozungulira. Kudula ndi sizasi usiku wonse kwatha, kulipira makina otulutsa mapepala kwathanso. Kholo likafunsa kuti mwana wachita chiyani lero, mulipatse tsamba limene mwanayo wasankha, ndipo mwanayo afotokoze yekha chifukwa chake anasankha limenelo. Akuluakulu oyang'anira sukulu nawonso aleke kuyeza mphunzitsi ndi kuwongoka kwa mizere ya pakhoma.

Lolemba ndinalawirira dala. Ndinapeza bambo uja ali ndi tsache m'manja. "Achimwene," ndinatero, "mulu wa pansi pa mtengo uwo musauwotche, ana ali nawo ntchito." Anandiyang'ana ngati ndasokonezeka mutu, n'kunena kuti akuluakulu akauona adzati ndi waulesi. Tinapita limodzi kwa aphunzitsi, iwo n'kupita kwa akulu awo, ndipo yankho linabwera lakuti tiyesere mphindi 20 Lachitatu, bola ine ndikhalepo kuthandiza.

Ndinalipo. Mtsikana wina analira chifukwa nyerere inamukwera pamkono. Anyamata awiri analimbirana kamtengo kamodzi pabwalo lodzaza timitengo. Mphindi 20 zinakwana 35, ndipo aphunzitsi anatuluka thukuta kuwabwezera m'kalasi. Pano pakhoma, pansi pa mizere itatu ya olenji ija, pali mzere wachinayi wokhotakhota wa masamba enieni omatidwa ndi tepi. La mdzukulu wanga ndi lofiirira, lothyoka kunsonga, lili ndi bowo loti chala chake chimalowa. Analiloza tili pakhomo, tisanalowe n'komwe.

Potuluka, bambo uja anandiimitsa pageti. "Agogo, ndiye mulu uja ndiusiye mpaka liti?" Ndinamuuza kuti mpaka nyongolotsi zibwere. Anapukusa mutu, koma mpaka dzulo masana unali ukadali pomwepo.

Ine wanu,
Agogo, mphunzitsi wopuma wa sukulu ya mkaka